Firmino ndi Mabuku Ofiira a Mfumu

Firmino Cachepa anasamala nyumba yowerengeramo mabuku m'tauni yathu ya padoko kwa zaka makumi atatu, koma dzina lake simungalipeze pachikwangwani chamkuwa chapakhomo. Analembapo maina a eni minda ya kokonati, anthu oti buku ankaligwira pophera udzudzu basi. Iye anali mwana wa mpalasangalawa, ndipo kuwerenga anakuphunzira kwa ansembe.

Nyumbayo inali ndi zaka ziwiri zokha pamene Mfumu ya ku Lisboa inatumiza mphatso: mabuku makumi anayi a chikopa chofiira, lililonse ndi chidindo chagolide. Anawalandira ndi malipenga. Senhor Pimentel, wapampando wa komiti, anawatsekera m'kabati yagalasi nalamula kuti anthu aziwaona ndi maso okha. Kiyi anapatsa Firmino kuti aziwayanika nyengo yachinyezi.

Mabuku a masiku amenewo ankabwera mapepala ali ogwirana m'mphepete, moti wowerenga woyamba ankawalekanitsa ndi mpeni. Tsiku lina akuyanika, Firmino anasuzumira m'buku lonena za malungo. Anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri linali lotseka. Anapirira masiku atatu, lachinayi anakabwereka mpeni wa mkazi wake, Dona Quitéria. Namwino wina atamva anapempha kuwerengako. Oyendetsa ngalawa anafuna buku la nyenyezi, aphunzitsi la mbiri yakale. Pomatha chaka, mabuku asanu ndi anayi okha ndiwo anali osadula.

Kenako kunamveka zoti Dotolo Meireles, mtumiki wa kunyumba yachifumu, akubwera pa sitima kudzaona mphatso ija. Apa m'pamene Pimentel anatsegula kabati koyamba. Anakalipa mpaka mawu anasasa. Anati Firmino wang'amba katundu wa Mfumu, choncho mlendo akangochoka ntchito yatha, atulukenso m'zipinda ziwiri zakuseri momwe ankakhala ndi banja lake.

Dona Quitéria sanamunyengerere. "Bambo inu, anzanu amachotsedwa ntchito chifukwa cha kachasu, inu chifukwa cha mapepala? Ndiye tizikafunda mabuku anuwo? Mpeni wanganso mwaubunthitsa." Anayamba kumanga katundu tsiku lomwelo.

Firmino anaganiza zomatanso mapepalawo ndi phala la chinangwa, koma anadziwa kuti mphemvu zikanachita phwando. Anangosanja osadula aja kutsogolo, enawo kumbuyo.

Mlendoyo anali nkhalamba yotsimphina, yotopa ndi nyanja. Anatenga buku loyamba, analipeza lotseka, nausa moyo. Lachiwiri chimodzimodzi. Anati m'madoko anayi amene anadutsa anapeza zomwezi, mphatso yongopembedzedwa ngati fano. Kenako anapisa dzanja kumbuyo natulutsa buku la malungo lija, lakuda ndi zala m'mphepete, pakati pali tsamba louma la mango losonyeza pomwe namwino analekezera. Anavala magalasi.

"Anadula ndani?"

Pimentel analoza ndi chibwano. Firmino anasendera kutsogolo.

"Ndine, bwana dotolo."

"Dzanja lanu ndi labwino, mnzanga, simunalumeko n'chilembo chimodzi chomwe. Nanga asanu ndi anayiwa anakulakwirani chiyani?"

Pimentel anatsokomola, nanena mopanda manyazi kuti komiti ndiyo inalamula zodulazo pofuna kuti anthu aphunzire. Bodza limenelo linalowa m'kalata yopita ku Lisboa, ndipo palibe analikonza. Firmino sanatsutse. Wopulumuka m'kamwa mwa ng'ona sabwerera kukatola chipewa.

Akuluakuluwo atatuluka, Firmino anakhala pansi pang'ono. Kenako anapita kuseri kukauza Dona Quitéria kuti amasule mitolo. Mayiyo anati amasule yekha amene anaimangitsa, koma anamupakulira mpunga wa kokonati mbale yodzaza, namuikira nkhanu ziwiri pamwamba.