Mwala wa mu impso yanga

Ndinachoka ku Nkope chifukwa ndinatopa ndi kutchedwa "wa Fomu 2". Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali ndi boti ndi ukonde wa chilimira, koma nditawapempha fizi anati usipa sumva Chingerezi. Ndinakwera basi ya ku Joni osawatsanzika.

Kumeneko ndinkasakaniza simenti pomwe ankamanga nyumba zosanja. Folomani ankadana ndi munthu wopita kokakodza, ndiye ndinaphunzira kusamwa madzi. Ndinkagona m'kachipinda ka malata ndi anthu osadziwa ngakhale dzina la kwathu. Mauthenga akumudzi ankayamba ndi moni n'kuthera pa feteleza.

Kenako msana unayamba kubaya chakumanzere, mkodzo n'kumatuluka ndi magazi. Kuchipatala chophunzitsira madokotala anandilowetsa m'makina onga mgolo, akuti akundijambula m'kati. Anapeza mwala mu impso, waukulu woti sungatuluke wokha.

Asanandichite opaleshoni anandiitanira m'chipinda china. Dokotala wamkazi ndi mnzake anavala magalasi akuluakulu omanga kumutu n'kuyamba kutsina mphepo ndi zala. Ndinaganiza kuti akundiseweretsa. Atandiveka ine, ndinaona impso ili lende pakati pa chipinda, ndi misempha yake, ndi nthiti. Mwala unali mbee m'katimo.

"Iyi ndi yako," anatero dokotala. "Tikufuna tidziwiretu poboola. Tikalowera apa tigunda nthiti. Apa pali msempha. Tilowera apa."

Anaitembenuza ndi chala. Ndinagwira msana wanga. Impso inali momwemo, ikupweteka, komanso inali patsogolo panga. Anandifotokozera kuti ndi zithunzi za mumgolo muja zolumikizidwa ndi kompyuta. Ndinagwedeza mutu kuti asiye kulankhula.

Anaboola pamalo omwewo, kabala kake kochepa ngati chikhadabo. Mwala anauphwanya n'kundipatsa zidutswa m'kabotolo. Ndinazijambula pafoni n'kutumizira amayi. Ntchito inali itatha kale, choncho nditachira ndinabwerera.

Kunyumba ndinapeza boti la amalume lili pamchenga, louma. Anyamata awo onse okoka ukonde anali atawathawa. Chithunzi changa chija chinali chitazungulira mudzi wonse. Pamene ndinkadwala, amayi, omwe sajomba ku Anglican, anapita kwa sing'anga wa ku Katuli. Iye anayang'ana pakalilole n'kunena kuti wachibale wandiponyera mwala m'thupi kuti nsomba zizimukolera. Kenako ine mwiniwake ndinatumiza umboni, mudzi wonse n'kuloza chala amalume.

Amalume sindiwakonda. Koma mwalawo sanaponye ndi iwo.

"Amayi, dokotala anati ndi kusamwa madzi."

"Mwana wobadwira m'mbali mwa nyanja adwale chifukwa chosowa madzi? Usandipusitse, Petulo."

Ndinawafotokozera za magalasi, kuti ndinaona ndekha mwala uli mu impso asanang'ambe.

"Ndiye nawonso anaona pagalasi," anatero amayi, ali phee. "Nanga ukutsutsa chiyani?"

"Si zofanana."

"Zikusiyana pati?"

Kompyuta, mgolo, zithunzi. Ine ndemwe sindinazimvetse ndili komweko, ndikanawauza chiyani? Ndinakalipa, chifukwa ndi zomwe ndimatha, n'kutuluka.

Mawa lake masana, anthu ali pamathandala kuyanika usipa, ndinapita kugombe. Amalume anali pansi pa boti lawo akusoka ukonde okhaokha. Ndinakhala pambali pawo, ndinatenga chigubu chawo cha madzi n'kumwa mpaka kutha, aliyense akuona.

"Wamaliza madzi anga," anatero osadzutsa mutu.

"Dokotala anandilamula. Mukufuna munthu wokoka chilimira?"

"Ndi msana wobowokawo?"

"Muli ndi wina?"

Analibe. Anapitiriza kusoka, singano ikulowa ndi kutuluka. Pofika madzulo anyamata awiri anali atabwera kudzafunsa ngati boti lituluke. Ndinayamba kuganiza kuti mwina pali munthu mmodzi pamudzi pano amene tikumvana.

Amalume anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi.

"Tandiuza, mphwanga. Magalasi akowo anaona mwala, chabwino. Nkhope ya amene anauponya sanakuonetse? Ine ndikukayikira alamu anga aja, bambo ako aang'ono."

Ndinatenga chigubu kukatunga madzi ena.