Waya wa Elube

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anaganiza zopanga wotchi yapakhoma yoyendera mabatire. Tinkakhala ku Biriwiri. Bambowo anabwerako ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa chosatha ndi bokosi la zitsulo, ndipo ankakonza mawailesi ndi njinga m'kachisakasa kuseri kwa nyumba. Ine monga mwana woyamba, wamwamunanso, ndinkaona kuti benchi ya m'chisakasamo ndi yanga kale.

Wotchiyo sinali yovuta kuimvetsa. Bambo anatenga magiya a wotchi yakale yakufa, nalendeweza sipoko ya njinga yokhala ndi nati kumunsi. Pambali pake panayenera kukhala msomali waukulu wokulungidwa ndi waya wamkuwa, woonda ngati ulusi. Moto wa batire ukadutsa m'wayamo, msomali umasanduka maginito, n'kukoka sipoko ija, iyo n'kukankha giya dzino limodzi. Ntchito yonse inagona pa msomaliwo, ndipo ndinalibe chikaiko kuti wokulunga ndine.

Koma bambo anaitana mlongo wanga Elube, wazaka khumi, amene ankadziwika ndi kuluka anzake tsitsi pakhonde.

"Ababa, nanga ine?" ndinafunsa.

"Iwe uli ndi phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero, nandipatsa thabwa kuti ndizipala.

Kupala thabwa! Ndinakhala pakhomo la chisakasa, fumbi lili mbuu m'mphuno, ndikumvetsera akumulangiza mwanayo ndi mawu ofatsa amene ine sanandilankhulepo nawo. "Usakande wayayo, Elube. Utoto wofiirirawu ndiye chovala chake. Akavula, moto umadumpha n'kulowera chidule." Elube ankangogwedeza mutu, lilime lili panja pang'ono, mizere ya waya ikugona bwinobwino ngati mizere ya m'munda wa mbatata. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti ntchitoyo inali yokongoladi. Akanakhala kuti akulakwitsa, bwenzi mtima wanga uli m'malo.

Masiku atatu ndinadyedwa ndi nsanje. Amayi akati, "Elube, idya msanga, abambo ako akukudikira," ine ndinkangosiya chakudya n'kutuluka panja. Anzanga a mpira anayamba kundiseka kuti kwathu mmisiri amavala diresi.

Loweruka masana onse anapita kudimba kukathirira kabichi. Ine ndinanama kuti mutu ukundiwawa. Ndinalowa m'chisakasa muja, n'kumasula mizere itatu yapamwamba, n'kutenga lezala ya bambo. Ndinapala waya malo angapo mpaka mkuwa unawala, kenako ndinabwezera zonse monga ndinazipezera. Ndinatuluka ndikuimba mluzu.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, anthu anadzaza pakhomo kudzaona wotchi ya mabatire, poti bambo anali atailengeza mudzi wonse. Anamuimika Elube patsogolo, nati, "Mwini ntchito ndi uyu." Analowetsa mabatire, nakankha sipoko ndi chala. Inagwedezeka kanayi, kasanu, kenako zii. Anakankhanso, chimodzimodzi. Atakhudza mabatire anapeza atentha. Anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi, ena akubisa chiseko m'zitenje.

Bambo anamasula waya pamaso pathu. Ataona mowala muja anapumira m'mwamba.

"Ndinakuuza chiyani, mwana iwe? Wakanda ndi zikhadabo zakozo."

"Sindinakande, ababa."

"Ndiye wadzikanda yekha?"

Elube anayang'ana zala zake, kuzitembenuza uku ndi uku ngati za munthu wina. Sanalire pomwepo. Anakalirira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ine ndinamumva, koma sindinaulule.

M'mawa mwake bambo anachotsa waya wina m'wailesi yakufa n'kundipatsa ine. Ndinakulunga katatu konse, mizere yokhotakhota, koma pomaliza wotchi inayenda. Inkataya mphindi zingapo pa tsiku, komabe inkayenda, ndipo aliyense wobwera pakhomo ankauzidwa dzina langa. Palibe anandikwapula, palibe anandikayikira. Ndinapeza zonse zimene ndinkafuna. Elube sanapondenso m'chisakasa muja, ngakhale bambo atamuitana kuti adzangowagwirira tochi.

Lero ndili ndi kashopu kanga kokonza mawailesi ndi mafoni pa Boma. Elube amagulitsa mbatata ndi tomato m'mbali mwa msewu kwathu konko. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti zinali zachibwana, iye anaiwala kalekale.

Chaka chatha mwana wake wamkazi, Tadala, anandipempha kuti ndiwanyengerere amayi ake amulole kukaphunzira zamagetsi. Ndinapita, n'kumupeza Elube akusanja mbatata m'ndowa. Anaseka nkhaniyo.

"Achimwene, musamunamize mwanayu. Anatengera manja anga. Mwaiwala wotchi ya ababa? Ife timangowononga zinthu za anthu."

Ananena mopanda mkwiyo, ngati akunena za mtundu wa khungu lake. Ndinakhala pa thumba la mbatata n'kumuuza za lezala ija, zonse, osasiyako kanthu.

Nditamaliza, Elube anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Ndiye kuti waya wanga uja anali bwino?"

"Anali bwino kuposa wanga, achemwali. Kuposa waya aliyense amene ndakulungapo mpaka lero."

Tadala anapita kusukuluko, koma zimenezo sizinditonthoza kwenikweni. Ndili mwana ndinkaganiza kuti nsanje imangolanda mnzako malo, ndipo malo amabwezeka. Tsopano ndikudziwa kuti ine ndinamulanda mlongo wanga chikhulupiriro cha manja ake, iye n'kukhala nalo bodzalo zaka makumi atatu, mpaka kufuna kulisiyira mwana wake ngati chuma chamasiye. Bambo anamwalira akukhulupirira kuti wokanda waya anali Elube, ndipo kumeneko ndilibe kokapepesa.