Ngongole ya m'pilo

Amayi anga ndi telala wa pakhonde la golosale, ndipo sindinaonepo munthu woopa ngongole ngati iwo. Ngakhale singano sabwereka. Kwa zaka khumi ankangosoka zigamba ndi kusintha mazipi pa makina amene malemu bambo anawasiyira.

Anzawo a pagulu la ngongole zing'onozing'ono ndiwo anawanyengerera kuti atenge mpamba, agule nsalu, azisoka mayunifolomu a sukulu. Pomaliza anasayina. Chikole chinali makinawo, ndipo iwo anali ataona ndi maso awo gulu lomwelo likunyamula matiresi a mayi wina wolephera kubweza.

Lolemba lililonse ankakabweza osaphonya, mpaka mlangizi wa gululo ankawatama pamaso pa onse. Koma pakhonde paja sipanaoneke nsalu yatsopano. Amayi ankangowonda, mtima uli m'mwamba.

Tsiku lina ndikuwayalulira pabedi, ndinamva pilo akulemera mbali imodzi. Ndinamasula ulusi. Ndalama zija zinali momwemo, zokulungidwa m'kachigamba. Sanagulepo ngakhale batani. Sabata iliyonse ankangotapa pomwepo n'kukabwezera eni ake.

Ndinaziwerenga. Kunatsala masabata asanu ndi limodzi, koma zotsalazo zikanakwana anayi okha. Za chiwongoladzanja amayi anali asanaziganizire.

Ndinawapeza pamakina, ndalamazo zili m'manja mwanga.

"Amayi, ndalama siziikira mazira m'pilo," ndinatero mokwiya, koma misozi ili m'maso.

"Nanga mayunifolomuwo akapanda kuyenda malonda?" anandifunsa chapansipansi. "Makina a bambo ako ndiwaone ali pamutu pa munthu?"

Ndinawawerengera ndi zala kuti ndalamazo zikakhalabe m'pilo, makinawo apita ndithu. Anadzuka pamakinapo. Kenako anavala nsapato.

Tinagula mpukutu umodzi wa nsalu yabuluu, ndalama zonse n'kuthera pomwepo. Sukulu zinali kutsegulidwa sabata yotsatira, ndipo Lolemba linali pafupi. Nanenso ndinali ndi mantha, sindibisa, poti ndinawakankha ndine.

Amayi anayala nsaluyo patebulo, analemba ndi choko, anatenga sizasi, n'kuima. Tonse tinkadziwa kuti nsalu yodulidwa kale sabweza kusitolo. Anayang'ana makina aja kamodzi.

"Gwira uko, mwanawe," anatero. "Ndipo usandiyang'ane."

Ndinagwira. Nsaluyo inkanjenjemera mbali zonse ziwiri pamene sizasi inkalowa.