Makwerero a mkwiyo wa aHedi

Fungo la polishi wa nsapato likandipeza, kaya ndili pakati pa msika, ndimaona agogo anga aamuna atakhala pakhonde ku Kapata, atayala nyuzipepala yakale pamiyendo, burashi ikupita uku ndi uku pa nsapato zakuda zomwe zinali zowala kale, kuseri utsi wa makala a m'simbi yositira ukukwawa m'mbali mwa khoma, agogo aakazi akuwaza madzi ndi zala pa shati yoyera. Kapata yense ankawatchula kuti aHedi, chifukwa anayendetsa sukulu ya pulayimale ku Chiparamba mpaka imvi kuti mbuu. Ntchito anapuma, koma tayi sanaivule. Ankaivala kutchalitchi, kumaliro, ngakhale podyetsa nkhuku.

AHedi sankakwiya m'Chinyanja. Mkwiyo wawo unali ndi makwerero, ndipo popondapo paliponse panali liwu lake la Chingelezi. Ine ndinkabwera kwa iwo patchuthi, ndipo pamodzi ndi ana a mumzere wa nyumba umenewo tinaloweza makwererowo kuposa masamu. Akati "You are disturbing me," ndiye kuti sewerani koma tsitsani mawu. Akati "bothering," sunthirani kuseri kwa mpanda. "Irritating" inali ya tinthu tating'ono tosaleka, ntchentche yobwerera pamphuno, chitseko cholira, ine ndikamakoka mamina. "Pestering" inali ya mwana womata ngati nkhupakupa, wopempha chinthu chomwe wakanizidwa kale. Koma "annoying" ikatuluka, mpira wathu wamapulasitiki unkagona pansi pa bedi lawo mpaka Lolemba.

Pamwamba penipeni panali liwu limene sanatinenepo nalo. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake, iwo n'kuika burashi pansi.

"Enawo munthu angachite osadziwa. Ntchentche sidziwa kuti ikukusowetsa mtendere. Koma provoke ndi kuputa dala, kutola ndodo n'kukagwaza galu wogona. Usamalitchule chisawawa. Ukalitchula, wasenzetsa mnzako mlandu wa zimene iweyo ukufuna kuchita."

Sindinamve. Ndinali kuganiza za mpira.

Kwathu kwenikweni kunali ku Mwami, kumalire, kumene atate ankagwira ntchito yokonzera oyendetsa malole mapepala a katundu. Ndili giredi faifi, ine ndi amayi tinatsika pa lole yachimanga ku Kapata pakati pa sabata, sukulu isanatseke, amayi atakokera duku pansi kuphimba khutu lamanzere. Sindizungulira: atate anawamenya. Sikanali koyamba, koma ulendo uwu khutu linatuluka magazi, ndipo ine ndinaliona.

Aliyense ankadziwa zimene aHedi achite. Anali mkulu wa mpingo, ndipo akazi ambiri othawa kubanja anawabweza ndi mawu akuti banja ndi kupirira. Komanso ife ndife Angoni. Ng'ombe za malowolo zinaperekedwa, ndiye mwana ndi wa kuchimuna. Amayi akanakana kubwerera, ine ndikanapita ndekha. Agogo aakazi anandiuza motsitsa mawu kuti, "Chikwama chako usamasule, mwanawe." Masiku onsewo ndinkagona nditachitsamira.

Loweruka m'mawa atate anafika ndi nkhoswe yawo, aMbewe, ndipo kuchikazi kunabwera amalume a amayi. Atate anavala shati yoyera, magalasi adzuwa atawakoleka pathumba. Anandiona pakhomo n'kunena kuti, "Khala pachikwamapo, tibwerera ndi basi ya masana." Ndinakhaladi. Mipando inaikidwa pakhonde, amayi ndi agogo aakazi pamphasa, tiyi wamkaka patebulo. AHedi anakhala chapatali ndithu, monga mwa mwambo. Kwathu munthu ndi mpongozi wake sakhudzana, sadyera mbale imodzi, moni amapatsana ndi m'manja ali patali. Ndipo pa mlandu wa banja olankhula ndi ankhoswe, makolo amangomvetsera.

Ankhoswe anayamba bwinobwino. AMbewe anati zam'nyumba sizisowa, ngakhale mano amaluma lilime. Amalume anavomera kuti ndi zoona, bola asabwerezenso. Nkhani inali kutha basi. Ndiye atate, poona kuti zikuyenda, anafuna kutsekera ndi ulemu wa anthu ophunzira. Anatembenukira kwa aHedi n'kulankhula Chingelezi, kudumpha ankhoswe ndi akazi onse.

"Sir, you are an educated man. She nags me. Every day she provokes me."

AHedi munthu akawayamba m'Chingelezi sankabwerera m'mbuyo. Tsiku limenelo anayankha m'Chinyanja choyera, chakuti aliyense amve.

"Apongozi mwati mwana wangayu amakuchitani nag. Kwa amene simunapite kusukulu, nag ndi kubwereza dandaulo limodzi mpaka mnzako makutu kuwawa. Dandaulo lake ndi lotani, apongozi?"

Atate anasisita bondo. "Zakuti ndimachedwa kubwera. Nsapato za mwana. Zotero."

"Chabwino, nag tailandira. Amayi akewa nawonso amandichita nag za denga lodontha, ndipo likudonthadi." AMbewe anaseka, atate nawo n'kumwetulira. "Koma provoke mwaigwiritsa ntchito molakwika. Ine ndine mphunzitsi. Lolani ndikuonetseni."

Anaimirira, anakonza tayi, anayenda mpaka patebulo. Ndinkaganiza kuti akufuna kuthirira alendo tiyi. Ananyamula tipoti, anaigwira pambali kuona ngati yapola, n'kuima kutsogolo kwa atate, pafupi kwambiri moti maondo anagundana. Kenako anayamba kuwathira tiyi pamutu. Pang'onopang'ono, ngati akuthirira mbande za tomato. Tiyi anatsika m'tsitsi, m'maso, m'khosi, shati yoyera ija n'kusanduka yamtundu wa dothi, masamba a tiyi atamata pachipumi.

Agogo aakazi anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Amalume anatsala ndi kapu m'mwamba. Ine sindinakhulupirire maso anga, chifukwa munthu amene ankatikalipira tikaponda udzu wa eni ake ndi yemweyu anali kusambitsa mpongozi wake tiyi dzuwa likuswa mtengo.

AHedi sanalekere pomwepo. Anasolola magalasi pathumba la atate, anawaika pasimenti, n'kuwaponda ndi nsapato yopolishidwa ija mpaka kumveka kuti phwa. Kenako anawagwira khutu lamanzere n'kulipotokola monga ankachitira ana a giredi wani.

"Iyi ndiye provoke, apongozi. Ndachita dala, pamaso pa anthu, ndipo ndikudziwa chimene ndikuchita. Ndine nkhalamba, kuthawa sindingathe. Menyani."

Dzanja la atate ndinkalidziwa kuposa nkhope yawo. Ndinaliona likukunga chibakera pabondo, mitsempha itatupa, ndipo ndinatseka diso limodzi kudikira. Atate anayang'ana aMbewe. Anayang'ana kumpanda, kumene mitu ya aneba inali itandandalika kale. Anayang'ana tayi ya aHedi. Chibakera chija chinamasuka chala chimodzichimodzi, dzanja n'kugona pabondo ngati la mwana wa kwaya.

"Mwaona," anatero aHedi, osakweza mawu. "Dzanja lanu lili ndi maso. Limadziwa pomenya ndi posamenya. Palibe amaliputa, limasankha lokha." Anatembenukira kwa aMbewe. "Ng'ombe zanu zili ku Chiparamba, mukazitenge tsiku lililonse. Mwana wanga ndi mdzukulu wanga sakwera basi lero, mawanso sakwera. Amene akufuna mwanayu akandisumire, ndikanene za khutu kubwalo."

"Chibadwire, zotere sindinazionepo," anatero aMbewe akufunafuna chipewa chomwe chinali pamutu pawo. "Mwatinyoza, aHedi."

"Ndakunyozanidi. Muyende bwino."

Atate anadutsa pafupi ndi ine akununkha mkaka, osandiyang'ana. Sanasume. Ng'ombe anazitengadi, zomwe aHedi ankalimira, ndipo chaka chimenecho munda wa ku Chiparamba tinautipula ndi makasu. Kutchalitchi aHedi anawatsitsa pa mpando wa akulu, anthu n'kumanong'ona kuti aHedi mutu wazungulira ndi mabuku. Iwo ankapitabe Lamulungu lililonse, n'kukhala benchi yakumbuyo pamodzi ndi ife ana, nsapato zikuwala.

Koma chimene chinandiopsa kwambiri chinachitika alendo atangotuluka pageti. AHedi anakhala pansi n'kuyesa kumasula tayi, koma mfundo inawakanika. Amayi anadzuka pamphasa, anagwada, n'kuwamasulira. Aka kanali koyamba kuona khosi la agogo anga, lowonda, lamakwinya, mtsempha ukugunda ngati wa nkhuku yogwidwa. Munthuyo anali ndi mantha nthawi yonse ija. Anandiyang'ana nditakhalabe pachikwama.

"Iwe, ukudikira chiyani? Masula chikwamacho. You are irritating me."

Lero ndine bambo wa ana atatu, ndili ndi galaja yanga pamsewu wopita ku Mwami, ndipo sindinama, mtima ndinatengera atate. Sindichedwa kupsa. Dalaivala akandibweretsera injini yomwe waiononga yekha n'kumandiphunzitsa ntchito, mawu anga amamveka mpaka tsidya la msewu. Kunyumba magazi akayamba kuwira ndimakwera makwerero a aHedi mokweza, ndipo ana amaseka kuchipinda kuti, "Adadi afika pa bothering, tsitsa wailesi." Akazi anga, amake Dalitso, amandichita nag za mowa ndi za chitseko cha bafa, ndipo chitsekocho n'chothyokadi. Ndimafika pa annoying, nthawi zina kawiri patsiku. Liwu lapamwamba lija likafika pakhosi, ndimayang'ana dzanja langa, chifukwa ndikudziwa kuti lili ndi maso, n'kuliika m'thumba ndi kutuluka panja.

Amayi akadali moyo, amakhala m'nyumba yomwe ija ku Kapata. Ndikapita kukawaona ndimakoka mpando n'kukhala kudzanja lawo lamanja. Kumanzere sakumva mpaka lero.