Amene anatulutsa khanda langa m'nyumba yotseka

Nkhani iyi ndakhala nayo mumtima zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mukaimva munena kuti ndi maloto a mayi wotopa ndi kuyamwitsa. Nenani, sindikuletsani. Koma bodza lotere ndingapindule nalo chiyani ine? Anthu amene anathyola chitseko changa tsiku limenelo alipo mpaka lero kwathu ku Mlangeni, ngakhale maina awo sinditchula. Zimene ndikuuzenizi zinandichitikira ine ndemwe, ndipo si usiku ayi, anali masana anthu akuyenda pamsewu.

Unali mwezi wa Juni. Amene munagonako kumtunda kwathu kuno mukudziwa kuti kuzizira kwake si kosewera nako, chifunga chimatha kukuta mudzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo moti munthu ali pakhonde saona khola la mbuzi zake. Ine ndinali nditangochira kumene kuchipatala cha mishoni ku Nzama. Anali mwana wamwamuna, wachiwiri, koma anabwera masiku asanakwane, kakang'ono kwambiri. Potitulutsa anamwino anandiuza mobwerezabwereza kuti mdani wamkulu wa mwana ngati ameneyu ndi mphepo, ndizimuika pachifuwa panga ndi kumufunditsa, asazizidwe ngakhale pang'ono.

Bambo akunyumba amagula kachewere m'madimba n'kukagulitsa ku Blantyre, ndiye amatha kuchoka masiku angapo osabwera. Mayi anga anamwalira ndili mtsikana. Choncho amene anabwera kudzandikhalira m'chikuta anali alamu anga, achemwali awo a bambowo, munthu wabwino mtima koma wosapirira zamatsenga zilizonse. Tinali titangolowa m'nyumba yathu yatsopano ya malata, pansi pa simenti, mawindo agalasi, titachoka m'kanyumba kaudzu komwe mphepo inkalowa paliponse. Ndinkainyadira nyumba imeneyo, chifukwa ukatseka unkatsekadi. Tsiku lililonse alamu ankakoleza mbaula n'kuilowetsa kuchipinda kuti kufunde, komanso kuti matewera aume pachingwe, poti panja sakanauma ndi chifungacho. Kwathu aliyense amatero, ndani akanaona chachilendo pamenepo?

Woyamba wanga ndi wamkazi, nthawiyo anali ndi zaka zitatu. Anali mwana wogona bwino uyu, ukangomupatsa phala masana n'kumusisita kumsana, basi wapita. Koma chibwerereni khandalo kunyumba anasinthiratu. Kumulowetsa kuchipinda inali nkhondo. Ankagwira mafelemu a chitseko, kulira mpaka mawu kusasa, akagona pang'ono n'kudzidzimuka ali thukuta kamukamu, m'mawa mwina n'kusanza. Ine khanda likufuna bere pafupipafupi, uyu naye akukuwa, tulo ndinaiwala kuti n'chiyani. Mutu unkandiwawa tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zina ndikaimirira chipinda chinkazungulira.

Tsiku lina ndinamukhazika pamwendo n'kumufunsa bwinobwino chimene ankaopa. Anandiuza, ndi kachiyankhulo kake kachibwana kaja, kuti kuchipinda kuli amayi ena. Anati amaima pakona, kuseri kwa matewera, sayankhula, amangoyang'ana mwana. Nditafunsa kuti ndi otani, anati ndi aatali, afunda nsalu kumutu, ndipo mapazi awo ndi onyowa.

Abale anga, mawu oti mapazi onyowa amenewo anandilowa m'mafupa. Mwana wa zaka zitatu angapeke bwanji zimenezo? Alamu anaseka, nati ndi nsanje chabe, mwana aliyense akalandidwa msana amapeka zifukwa zoti amayi ake amuyang'ane. Amayi ena obwera kudzaona khanda ananong'ona kuti nyumba yatsopano imakopa maso a anthu, ndiwaze mchere m'makona. Mchere ndinawaza alamu asakuona, madzi odalitsa a kumishoni ndinawazanso, koma mwana sanasinthe. Ankalozabe pakona pomwepo, ine n'kumayang'ana, osaona kanthu koma matewera basi.

Tsiku limene ndikunenali kunacha ndi chifunga chadzaoneni ndi kamvula kowaza. Alamu anapita kumaliro mudzi woyandikana nawo, ndipo asananyamuke anandikolezera mbaula, nawonjezera makala kuti ifike madzulo. Titadya masana thupi langa linakana. Ndinatseka mawindo onse, pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi chiguduli chifukwa panali kamphepo, kenako chitseko chakubwalo ndinachikhoma ndi mpiringidzo wachitsulo umene uli pamwamba, kuti wamkuluyo asatuluke n'kupita kumsewu ine ndili m'tulo. Analira monga mwa masiku onse, akunena kuti amayi aja abwera kale. Ndinamugoneka kukhoma, ine pakati, khanda pachifuwa, ndikumuimbira mpaka kulira kunasanduka kusisima, kenako zii. Ndinathokoza Mulungu kuti lero lokha wagona msanga.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinatsegula maso, koma thupi silinali langa. Mkono sukuyenda, mwendo sukuyenda, lilime lalemera ngati mwala. M'chipinda munali kuwala kotuwa kochokera pawindo, ndipo matewera pachingwe ankagwedezeka, chonsecho munalibe mphepo. Ndiye ndinawaona. Anatuluka kuseri kwa matewera aja pang'onopang'ono, aatali, nsalu kumutu itaphimba nkhope, ndipo pasimenti ndinkamva phazi lililonse likumata ngati munthu wochokera kudambo. Anafika pabedi, nawerama. Ndinamva kuzizira kwa manja awo pachifuwa panga pamene ankalowetsa zala pansi pa mwana wanga. Anamunyamula mosamala, dzanja lina kukhosi, monga amachitira munthu amene analerapo. Ndinayesa kukuwa, pakamwa panangotuluka mpweya. Ndinawaona akutuluka naye pakhomo la chipinda, ndipo sindinamve mpiringidzo ukutsegulidwa.

Inu amene munabereka, ganizani nokha. Mwana wako akutengedwa pamaso pako, iwe uli gone ngati chipika.

Kenako anabweranso, manja ali opanda kanthu. Ulendo uno anadutsa pamwamba panga n'kutambasulira manja kwa wamkulu uja kukhoma. Mphamvu zimene ndinazipeza sindikudziwa zinachokera kuti, koma dzanja langa limodzi linayenda, ndinagwira mwendo wa mwana wanga n'kuufinya. Mumtima ndinkati mwatenga mmodzi, uyu yekha ayi. Anakoka, ine osasiya. Anakokanso. Kenako anaima n'kutembenukira kwa ine, ndipo ngakhale nkhope sindinaione, ndinamva kupuma kwawo, kupuma kwa munthu amene watopa nawe, osati kwa munthu wolusa. Pamenepo mdima unandigwira.

Ndinatsitsimuka ndili panja pa udzu wonyowa, anthu atandizinga, wina akundithira madzi kumaso, ine ndikusanza. Amene anandigwira mutu anali amayi a pagolosale yoyandikana nafe, Asilamu, amene tinkagulako sopo ndi mchere. Iwo ndi amene anandifotokozera pambuyo pake. Anati ankatseka golosale kuti akaswali, ndiye anamva kulira kwa khanda kuchokera kwathu, kulira kosalekeza. Atabwera anapeza mwana wanga pakhonde, atagonekedwa pamwamba pa thumba la kachewere pakona yosafika mvula, atakulungidwa bwinobwino mpaka kumutu. Anagogoda, anaitana, zii. Atasuzumira pawindo anationa tili gone, ndipo anakuwa mpaka amuna awo ndi anyamata ena anabwera n'kuthyola chitseko. Mpiringidzo unali wokhoma m'kati. Amuna awowo atangolowa kuchipinda anayamba kumva chizungulire, nathamangira panja ndi mbaula ija. Anatinso potinyamula anavutika kuchotsa dzanja langa pamwendo wa mwana, zala zinali zitauma pomwepo.

Wamkulu wangayo sankadzuka. Anatikweza pagalimoto ya munthu wina wodutsa, khanda lili kumsana kwa amayi a pagolosale, ine nditanyamula mwana wofewa ngati nsanza, milomo yake ili psuu mwachilendo. Njira yonse ndinkamuitana dzina, osayankha. Kuchipatala anamuika pamakina a mpweya, ndipo anatsegula maso tsiku lotsatira, bambo ake atafika kale kuchokera ku Blantyre, maso atatupa ndi kulira. Khanda analiyeza, linalibe vuto lililonse. Adokotala anati likanakhala m'chipindamo pang'ono pokha, ndi kuchepa kwake kuja, likanakhala loyamba kutisiya.

Anatifotokozera kuti makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha. Anati ndi umene unkatipweteketsa mutu masiku onsewo, ndi umene unkasanzitsa mwana ndi kumudzidzimutsa, ndipo umatha kuonetsa munthu zinthu zimene palibe. Nditawauza za amayi aja, anandiyankha mwaulemu kuti mwina ndine ndemwe ndinatulutsa khandalo mutu utasokonezeka, n'kubwerera kukatenga winayo, n'kukhomanso chitseko mwachizolowezi, n'kugwa. Alamu anavomereza msangamsanga, akulira, nati ndi zomwezo basi, tisazionjezere.

Ndikanavomera nanenso, chifukwa zinali zomveka. Koma panali nsalu.

Titabwerera kunyumba amayi a pagolosale anandibweretsera nsalu imene anapeza mwana atakulungidwamo, ataichapa, poganiza kuti ndi yanga. Sinali yanga. Ine ndinamugoneka pachifuwa ali ndi thewera ndi kachipewa kokha, bulangete pamwamba pathu, ndipo bulangetelo linapezeka pabedi. Iyi inali nsalu yakale yakuda yopyapyala, ya mtundu umene masiku ano simungaupeze pamsika, yosokedwa pamanja m'mphepete. Alamu anati si yawo. Tinafunsa nyumba zonse zoyandikana, tinaitenga ngakhale kutchalitchi kukafunsa amayi anzathu, palibe anaidziwa. Amayi a pagolosalewo anandikokera pambali n'kundiuza motsitsa mawu kuti pamene ankamutola mwana, nsaluyo inali yofunda ngati yangochoka pathupi la munthu, koma pasimenti ya khonde, pamene mvula sinkafika, panali ponyowa kuchokera pachitseko mpaka pathumba lija. Anati sanauze wina aliyense chifukwa sankafuna kuoneka ngati wamisala. Bambo akunyumba anaitenga nsaluyo tsiku lina osandiuza, ndipo mpaka lero amakana kunena kumene anakaisiya.

Mwana wanga wamkazi anakhala miyezi ingapo osayankhula bwino, mawu amene ankawadziwa anachita kuwaphunziranso. Tsiku lina ndikumusambitsa, osamufunsa kanthu, anangoti, “Amayi aja amafuna andiperekeze panja, koma inu munandigwira.” Ndinakhala pansi pomwepo m'bafa, madzi akundinyowetsa. Sanazitchulenso, ndipo lero ndi mtsikana wa kusekondale, sakumbukira chilichonse. Mchimwene wake uja ndi mnyamata wamphamvu, amathandiza bambo ake kukweza matumba.

Anthu andiuza zambiri. Ena amati anali mayi anga, koma mayi anga anali aafupi, ndikanawadziwa ngakhale ndi kayendedwe. Ena amati ndi mngelo. Agogo ena a m'mudzimo anandiuza kuti kumunsi kwa malo athu, kudambo, kale kunkaikidwa makanda omwalira asanatuluke m'chikuta, ndipo amene ankawanyamula kupita nawo kumeneko anali amayi okhaokha. Sindinafune kumva zambiri. Chimene chimandisowetsa mtendere si chakuti anali ndani. Ndi chakuti masiku onse aja anaima pakona akuyang'ana, ife tikulowetsa mbaula, ine ndikuwawaza mchere kuti achoke. Nanga akanachokadi?

Chimene ndimakhulupirira lero ndi ichi: adokotala ananena zoona, anali makala amene ankatipha, ndipo pamenepo sinditsutsa. Koma ndimakhulupiriranso kuti khanda langa silinatuluke m'nyumbamo ndi manja anga. Zinthu ziwirizi ndimazisunga pamodzi, ndipo ndinasiya kuziyanjanitsa.

Ndiye inu amayi anzanga amene mwangochira kumene, makamaka kuno kozizira, ndikupempheni. Mwana afunde ndi thupi lanu ndi zofunda, mbaula isagone m'nyumba yotseka, kaya usiku kaya masana, kaya matewera sanaume. Mutu ukamakuwawani nonse m'nyumba, musathamangire kuloza anthu. Ndipo mwana wamng'ono amene ankagona bwino akayamba kukana chipinda, akulira kuti muli munthu, musafulumire kunena kuti ndi nsanje n'kumukakamiza. Mutulutseni kaye panja, tsegulani mawindo, kenako mukhale naye pansi mumufunse kuti munthuyo akufuna chiyani.