Mayina amene ndinalemba poyamba

Chaka cha njala chija ndinali kalaliki pa kabungwe kena kogawa chimanga ku Senga Bay. Ofesi yathu inali chipinda chimodzi kuseri kwa golosale, malata otsika, zenera limodzi loyang'ana kumene amayanika usipa. Munkakhala ine, ntchentche, ndi kompyuta yakale ya DOS imene mzungu wina anasiya atatopa nayo. Anasiyanso buku lopanda chikuto lophunzitsa C, chiyankhulo cholamulira makinawo.

Ndinkadzimva zedi. Azakhali anga a ku Maganga, amene anandilera bambo atamwalira, anagulitsa mbuzi zawo kuti ndikaphunzire kutaipa ku Salima, ndipo ine ndinapitirira pamenepo n'kuyamba kulemba mapulogalamu. Choncho abwana atanena kuti akufuna mndandanda wa mabanja olandira chimanga, ndinati asavutike, ndipanga ndekha. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Makina a nthawi imeneyo sankaona malo awo osungira zinthu ngati bwalo limodzi. Ankawadula m'zigawo, chigawo chilichonse makilobaiti 64. Kuti upeze chinthu unkafunika manambala awiri, ya chigawo ndi ya mtunda kuchokera poyambira chigawocho, monga mmene umatchulira mudzi kenako nyumba. Bukulo linati cholozera chotchedwa near chimadziwa nyumba yokha, pomwe chotchedwa far chimadziwa mudzi ndi nyumba yomwe. Ndinasankha far n'kutseka buku. Tsamba lotsatira sindinaliwerenge.

Mapepala a mayina anabwera kuchokera m'midzi, olembedwa pamanja. Ndisanayambe kutaipa ndinawasanja. Kwathu sutchula mwana mkulu alipo, ngakhale madzi osamba m'manja amayambira kwa akulu. Ndiye ndinatola nkhalamba zonse, amasiye ndi akhungu, n'kuwaika patsogolo, achinyamata ongokwatira kumene kumapeto. Dzina loyamba linali la azakhali. Loweruka ndinapalasa njinga kukawauza, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Nditamaliza ndinasindikiza, ndinayang'ana nambala ya pansi, ndinaona kuti ikugwirizana ndi mapepala. Mayina enieniwo sindinawerenge. Abwana anatenga mndandandawo kukadinditsa kuboma, kope ina inapita ku Lilongwe.

Tsiku logawa, lole inaima pabwalo la sukulu. Nkhalamba zinafika m'mamawa n'kukhala kutsogolo, pamthunzi, chifukwa mbiri inali itamveka kuti mwana wa kwathu wayambira akulu. Woitana mayina ndinali ine. Nditatsegula pepala loyamba ndinapeza dzina la mnyamata wakabaza amene ndinamulemba chakumapeto. Dzina lachiwiri chimodzimodzi. Ndinaitana ndikuganiza kuti mwina makina angosokoneza ndondomeko ndipo akuluwo ndiwapeza mkati.

Sindinawapeze. Dzuwa linafika pamutu, mthunzi unasuntha, nkhalamba zinasuntha nawo. Pepala lomaliza linabwereza mayina a achinyamata aja, ndipo abwana anawakhwatcha kuti asalandire kawiri. Matumba makumi atatu ndi mphambu anatsala palole. Anthu okhala pamthunzi paja analinso makumi atatu ndi mphambu, ndinawawerenga kawiri.

Ndinapita kwa abwana kuseri kwa lole.

"Bwana, matumba otsalawa ndi a agogo awo. Tiwapatse, mayina ndilemba ndi cholembera."

"Pepala lodinda sitilemba ndi cholembera," anatero abwana. "Ukufuna a ku Lilongwe anene kuti ndaba? Kodi kompyuta yalakwitsa, kapena walakwitsa ndiwe?"

Ndikanati kompyuta, sakanakhulupirira, pakuti iwo ankaiopa ngati khoti. Ndikanati ine, ntchito ikanathera pomwepo, ndipo malipiro angawo ndi amene ankadyetsa nyumba ziwiri. Ndinachita mantha, palibe dzina lina loti ndingachitchule. Bambo wina wa kunyanja, wa chisoti choyera, anaimirira ndi ndodo yake nati, "Inshallah mwezi wamawa," n'kuyamba ulendo. Lole inabwerera ndi matumba ake.

Lolemba ndinatsegula buku lija pa tsamba limene ndinalumpha. Zonse zinali pomwepo. Cholozera cha far chikamayenda chimasintha nambala ya nyumba yokha, ya mudzi siisuntha. Chikafika kumapeto kwa chigawo sichiwolokera chigawo china, chimabwerera pa ziro mwakachetechete, osadandaula. Ine ndinapatsa banja lililonse mabaiti 64, kutanthauza kuti m'chigawo munkakwana mabanja 1,024 basi. Banja lotsatira linalembedwa pamwamba pa dzina la azakhali, linzake pamwamba pa gogo wachiwiri, mpaka achinyamata onse otsala atakhala pamitu pa akulu. Chofunika chinali cholozera chachitatu, chotchedwa huge, chimene chimadziwa kuwoloka. Ndinafufuta zilembo zitatu n'kulemba zinayi. Ntchito yonse sinakwane mphindi imodzi, ndipo zimenezi ndi zimene zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Mndandanda watsopano unkayenera kudikira chidindo cha mwezi wotsatira. Ndinakhala m'kachipinda kaja masabata anayi, fungo la usipa likulowa pazenera, dzina la azakhali lili pamwamba pa sikirini, lolembedwa bwinobwino, lopanda ntchito.

Loweruka lina ndinamanga kathumba ka ufa panjinga n'kupita ku Maganga. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa chosakhwima, chonga zala. Mpunga wa mbewu anali atadya kale. Ndinakonzeka kufotokoza za zigawo ndi zolozera, koma nditakhala pansi ndinaona kuti mawu amenewo ndi achipongwe pamaso pa munthu wanjala.

"Iwe, si unati wandilemba poyamba?" anafunsa azakhali, maso ali pachinangwa.

"Ndinakulembani poyamba, azakhali."

"Nanga anandichotsa ndani?"

"Mukanakhala kumapeto bwenzi mutalandira," ndinatero. Choona chimene ndinakwanitsa kunena ndi chokhacho.

Anaika mpeni pansi, anandiyang'ana osakwiya.

"Ndiye ulendo uno undiike kumapeto, kwa ana," anatero. "Ulemu ndaulawa, sukhutitsa."

Ndinawauza kuti ndakonza, kuti tsopano poyamba palibenso vuto. Anapukusa mutu. Pa kugawa kotsatira ndinaitana dzina lawo loyamba, mokweza, kawiri. Iwo anali atakhala kumbuyo kwenikweni, padzuwa, pakati pa atsikana obereka ana, ndipo sanadzuke mpaka nditamaliza pepala lomaliza.