A Lorenso ndi Kamuvi ka Abwana

A Lorenso, msodzi wa ku Makhanga, atatopa kulimbirana nsomba ndi ng'ona, analembedwa ntchito yosesa mu ofesi ya kumunda wa nzimbe. Mu 1992 kunabwera kompyuta ndi mausi yake, kachinthu kamchira koyendetsera kamuvi pagalasi.

Tsiku lina akupukuta tebulo anakankha mausi, kamuvi n'kusowa. Mtima unangoti myuu, ntchito yatha basi! Anagwada n'kuyamba kufufuza m'zinyalala.

"Mukufunanji, madala?" anafunsa Priska, kalaliki.

"Ndasesera kumodzi kamuvi ka abwana, mwananga."

Priska anagwedeza mausi, kamuvi n'kutulukira pakona. "Akatu kamangomira ngati mvuu."

Mtima wa mkuluyu unakhala m'malo. Koma mpaka anapuma pantchito, fumbi la patebulopo ankangoliuzira ndi pakamwa.